Foni ya mawaya ikupita kumanda ku Britain, koma magetsi akathima zidzatha bwanji?

Wolemba Mtolankhani Wathu

AMENE munayamba geni kalekale m'misika ya Limbe, Ndirande, Lilongwe ndi Mzuzu mukuikumbukira bwino foni ija ya chingwe chopiringizika. Inkakhala pa katebulo pansi pa ambulera, kapena m'kachipinda kolembedwa kuti Telephone Bureau, mtsikana ali pambali, maso pa wotchi kuwerenga mphindi. Munthu unkaima pamzere ndalama zili m'manja, kudikira kuti ufunse mtengo wa thumba la nyemba kapena uuze abale za maliro. Ukangoti halo, wotchi yayamba kudya. Masiku amenewo malonje ankafupika, ngakhale kwa apongozi.

Kuno kwathu foni imeneyo inangozimirira ngati munthu wothawa ngongole. Palibe anailira, palibe anakalengeza pa wailesi. TNM inabwera chapakati pa zaka za m'ma 1990, Celtel inatsatira mu 1999, ndipo m'kupita kwa zaka aliyense, kuyambira bwana wa muofesi mpaka mayi wogulitsa tomato, anapezeka ali ndi foni m'thumba kapena pa mfundo ya chitenje.

Ku Britain nkhani ndi ina. Kumeneko foni ya mawaya inali ngati mpando wa pabalaza, pafupifupi nyumba iliyonse inali nayo. Ndiye sangangoisiya kuti ife yokha. Aikonzera mwambo wonse, ndi tsiku loika lomwe. BT, kampani yaikulu ya matelefoni m'dzikomo, inalengeza mu Meyi 2024 kuti makina akale a mafoni a m'nyumba adzazimitsidwa pofika pa 31 Januwale 2027. Poyamba tsiku linali la mu Disembala 2025, koma analisuntha makamaka kaamba ka vuto la tizipangizo toitanira thandizo tomwe okalamba amadalira.

Chomwe akusintha

Tiyambe talongosola bwino, chifukwa ena akumva ngati a ku Mangalande akulandidwa mafoni. Ayi ndithu. Foni ikhalapobe pa tebulo, nambala ikhala yomweyo. Chomwe chikusintha ndi njira yomwe mawu amadzera.

Pa foni yakale, mawu anu ankayenda m'timawaya tiwiri ta mkuwa kuchoka kunyumba kwanu, kudzera m'mapolo kapena pansi pa nthaka, mpaka kunyumba ya makina yomwe amaitcha exchange. Kumeneko ankakulumikizani ndi waya wa munthu amene mukumufuna. Nzeru imeneyi ndi ya makedzana zedi, yochokera kwa Alexander Graham Bell mu 1876, kungoti makinawo akhala akuwongoleredwa.

Pa njira yatsopanoyi, mawu anu amaduliridwa m'tizidutswa tating'onoting'ono, n'kutumizidwa pa intaneti, ndipo akafika kwa mnzanuyo amalumikizidwanso mwachangu kwambiri moti khutu silizindikira. Akatswiri amati VoIP, ndipo a BT anaipatsa dzina la malonda loti Digital Voice. Musaope mainawo. Ngati munaimbapo pa WhatsApp kufunsa mnzanu wa ku Kariakoo mtengo wa zitenje, mwaigwiritsa kale ntchito njira imeneyi. Kusiyana kwake n'kwakuti ya m'nyumbayi ili ndi nambala wamba yomwe munthu aliyense angaimbire, ngakhale alibe bandulo. Foni ija, m'malo moilumikiza pa khoma monga kale, amailumikiza kumbuyo kwa kabokosi ka intaneti kotchedwa router. Amene safuna intaneti m'nyumba mwake, makampani analonjeza kumupatsa njira yongoyendetsera foni basi.

Nanga n'chifukwa chiyani akutaya chinthu chomwe chikugwira ntchito? Yankho lake aliyense amene anakhalapo ndi minibasi yakale akulidziwa. Makina ambiri a m'ma exchange anaikidwa m'zaka za m'ma 1980. Mafakitale anasiya kupanga masipeya ake, ndipo amisiri amene amawadziwa bwino akupuma pantchito mmodzimmodzi. Galimoto ikafika poti sipeya yake umachita kukaisaka pa galimoto ina yakufa, mwini wake amayamba kuwerengera ngati n'koyenera kuisunga.

Koma tisanamizane, pali ndalamanso apa. Kusamalira misewu iwiri, wina wa mawu wina wa intaneti, kumadya chuma kuposa kusamalira umodzi. Komanso mkuwa uli pa mtengo. Kuno mawaya a telefoni ankazulidwa usiku ndi akuba n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo; ku Britain mwini wake yemweyo anayamba kuzula mawaya osagwiranso ntchito masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumagulitsa mkuwawo mwalamulo. Si mawaya onse omwe achoke lero ndi lero. Ena akhalapobe kwa kanthawi, koma azinyamula intaneti, osati mawu mwa njira yakale ija. Kuyambira mu Seputembala 2023, Openreach, nthambi ya BT yoyang'anira mawaya, inasiya kugulitsa mizere yatsopano ya mtundu wakale m'dziko lonselo.

Chinsinsi cha foni yakale

Apa ndiye pagona nkhani. Foni ya mawaya inali ndi khalidwe limodzi lomwe anthu ambiri sankalilabadira: inkabwera ndi magetsi akeake. Timawaya tiwiri tomwe tija, kuwonjezera pa mawu, tinkanyamulanso mphamvu pang'ono, mavoti pafupifupi 50, kuchokera ku exchange. Ndipo ku exchange kunali mabatire akuluakulu ndi majenereta. Ndiye magetsi akathima m'dera lonse, mababu azima, wailesi yangoti zii, koma ukanyamula foni unkamva kulira kwake kuja. Amene munali nayo kunyumba kapena ku sitolo mukudziwa zomwe ndikunenazi. Munthu unkatha kuimba uli mumdima, kandulo ali m'manja, kufunsa kuti magetsi abwera nthawi yanji.

Foni ya pa intaneti ilibe khalidwe limeneli. Router imadya magetsi a m'nyumba mwanu. Magetsi akapita, router yagona, foni yagona nayo. Ndipo waya watsopano wa fibre, womwe m'kati mwake muli kaulusi ka galasi konyamula kuwala, sungathe kunyamula magetsi ngakhale utafuna.

Azungu anaiphunzira nkhaniyi ndi misozi. Kumapeto kwa Novembala 2021 kunagwa chimphepo chotchedwa Arwen chomwe chinagwetsa mitengo ndi mapolo ku Scotland ndi kumpoto kwa England. Nyumba pafupifupi 1 miliyoni zinakhala opanda magetsi, zina kwa nthawi yopitirira sabata yathunthu, m'nyengo yozizira koopsa. Amene anali atasamutsidwa kale kupita ku foni yatsopano anapeza kuti yafa. Atathamangira ku foni ya m'manja, m'madera ena anapeza kuti nsanja za netiweki nazonso zathima, mabatire ake atatha. Munthu wodwala m'nyumba, msewu watsekeka, ndipo nambala ya ngozi ya 999 sikutheka kuimba. Mu Malichi 2022 a BT anaimitsa kaye ntchito yosamutsa anthuyi ndipo anapepesa, kuvomera kuti sanaganizire mokwanira za anthu odalira foni ya m'nyumba.

Bungwe loyang'anira za mafoni kumeneko, Ofcom, lomwe ntchito yake ikufanana ndi ya MACRA kuno, linalamula kuti munthu amene amadalira foni ya m'nyumba yokha apatsidwe njira yoti athe kuimba nambala ya ngozi kwa ola limodzi, kapena kuposerapo, magetsi akathima. Kawirikawiri njirayo imakhala kabatire komangirira ku router, ndipo kwa anthu oterewa n'kaulere.

Ola limodzi! Kauzeni zimenezo mayi wogulitsa mafirizesi ku Bangwe, muone ngati sagwa nako kuseka. Ola limodzi kuno ndi nthawi yoti mwangoyamba kumene kufunsana ndi aneba ngati kwawonso kwathima. Koma ngakhale ku Britain komweko, chimphepo cha Arwen chinaonetsa kuti tsiku la tsoka magetsi sathima ola limodzi.

Agogo ndi kabatani ka pakhosi

Vuto lachiwiri ndi lomwe linasunthitsa tsiku lija, ndipo likukhudza abale athu ambiri amene ali ku Britain pa ntchito yosamalira okalamba.

Kumeneko nkhalamba zambiri zimakhala zokha m'nyumba. Si ngati kuno komwe agogo akatsokomola usiku mdzukulu amadzuka. Ndiye ambiri amavala kabatani pakhosi ngati mkanda, kapena pamkono ngati wotchi. Akagwa kubafa, kapena mtima ukayamba kuvuta, amangodina, ndipo kabokosi kena kolumikizidwa ku foni ya m'nyumba kamaimba kokha kwa anthu othandiza. Anthu pafupifupi 2 miliyoni m'dzikomo amadalira tizipangizo totere.

Tambiri mwa timabokosi timeneti tinapangidwa kuti tizilankhula chinenero cha waya wakale. Tikalumikizidwa ku njira ya intaneti, tina timagwira, tina timagwira mwa apo ndi apo, tina timangokhala chete. Choopsa chake n'chakuti mwini wake sadziwa. Kabatani kali pakhosi, agogo ali ndi chikhulupiriro chonse, koma tsiku lomwe adzadine palibe adzayankhe. Chakumapeto kwa 2023 kunamveka nkhani zomvetsa chisoni za anthu amene tizipangizo tawo tinakanika atasamutsidwa, ndipo mu Disembala chaka chomwecho boma linaitanitsa makampani n'kuwasainitsa pangano loti asasamutse munthu mokakamiza asanatsimikize kuti kabatani kake kagwira ntchito. Mu Disembala 2025, Ofcom inalipiritsa kampani ya Virgin Media chindapusa cha mapaundi 23.8 miliyoni chifukwa chosasamala mokwanira makasitomala oterewa pa nthawi yowasamutsa.

Ndipo si agogo okha. Pa zaka zonsezi, zinthu zambirimbiri zinapachikidwa pa waya wa telefoni anthu n'kuziiwala: ma alamu a akuba ndi a moto, foni ya ngozi ya m'chikepe cha nyumba zosanja, makina a fakisi, ngakhalenso timakina tina takale tolipirira ndi khadi m'masitolo. Inu a bizinesi taganizirani: mwini golosale wavomera kusintha foni, osakumbukira kuti alamu ya pa sitolo imadzera pa waya womwewo. Akuba athyola usiku, alamu ikuyesa kuimba, koma ikuimbira pa msewu womwe unatsekedwa.

Akathyali nawonso sanagone. Makhonsolo a ku Britain anachenjeza mu 2023 kuti pali anthu amene akuimbira nkhalamba kunamizira kuti ndi a kampani ya foni, n'kumati lipirani kapena tipatseni manambala a ku banki, apo ayi tikudulani. Chonsecho kusamutsidwako n'kwaulere. Nyimbo imeneyi ife timaidziwa. Ndi anthu omwe aja a uthenga woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, angosintha dziko ndi chinenero.

Nanga ife zikutikhudza pati?

Wina afunsa kuti za ku Mangalande tizivutike nazo bwanji, ife tili ndi mavuto athu a mtengo wa sopo ndi shuga. Funso labwino. Koma chaona mnzako chapita, ndipo pa nkhani iyi ife sitikudikira mawa ayi. Pomwe a ku Britain akuopa kufika, ife tinafika kale, kungoti tinadzera njira yachidule.

Ine sindikuilira foni ya mawaya. Amene akuikumbukira ndi chikondi chokhachokha waiwala zambiri. Waiwala kuti kuipeza kunali kudikira miyezi, ena zaka, dzina lili pa mndandanda. Waiwala kuti mvula ikagwa mawu ankamveka ngati mukukazinga chimanga, ndipo akuba akadula waya dera lonse linkakhala duu kwa masabata. Waiwalanso kuti inali foni ya m'tauni, ya maofesi ndi ya anthu ochita bwino. Kumudzi uthenga unkayenda pa kalata, pa telegalamu kapena pa mauthenga a pa wailesi. Pamene nthambi ya mapositi ndi matelefoni inkagawidwa pawiri mu 2000, n'kubadwa MTL, Amalawi ochuluka anali asanagwirepo foni ya m'nyumba mwawomwawo.

Ndiponso kuimba pa intaneti kwatipulumutsa ku zambiri. Kale kuimbira mwana ku Johannesburg kapena ku Leeds kunali kotsitsa thukuta, munthu unkalankhula maso ali pa wotchi. Skype itabwera mu 2003, kenako WhatsApp n'kuyamba zoimbirana mu 2015, mtunda unasiya kukhala pa mtengo. Lero mayi wa kaunjika amaonetsedwa belo pa vidiyo asanatumize ndalama. Wopikula mbatata amadziwa mtengo wa ku Ntcheu asanakwere galimoto. Zimenezi palibe angazibweze m'mbuyo, ndipo palibe akufuna.

Koma taonani zomwe tapachika pa kachingwe kamodzi. Oda ya katundu ili pa foni. Makasitomala ali pa foni. Mpamba weniweni wa bizinesi uli mu foni, ku Airtel Money kapena ku Mpamba. Nambala ya dokotala, ya apolisi, ya mwini nyumba, zonse zili momwemo. Ndipo foniyo imadalira magetsi kawiri: batire yanu ikhale ndi moto, komanso nsanja ya netiweki ikhale ndi moto. Batire yanu mukhoza kukatchajitsa pa kabenchi ka mnyamata wa sola. Nsanja simungaitchajitse. Imadalira mabatire ake ndi jenereta, ndipo jenereta imamwa dizilo, yemwe inu nomwe mukudziwa m'mene amasowera nthawi zina.

Tinazionapo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kukonza kwake kunatenga nthawi yopitirira chaka. Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy, amene anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera, ku Chilobwe ndi madera ena. Amene munali ku Blantyre masiku amenewo mukukumbukira kusakasaka malo otchajira foni kuti mungodziwa ngati abale ali moyo. Nthawi yomwe munthu umaifunitsitsa foni ndi nthawi yomweyo yomwe magetsi amakhala atapita. Ngakhale maiko olemera sapulumuka: pa 28 Epulo 2025 magetsi anathima pafupifupi m'dziko lonse la Spain ndi Portugal, ndipo patangopita maola ochepa netiweki ya mafoni inayamba kugwa m'madera ambiri.

Pali kanthu kenanso kakang'ono. Njira za pa intaneti zili ndi eni ake, ndipo mwini akatopa amatseka. Skype yomwe ija, imene inalumikiza mabanja kwa zaka zoposa 20, a Microsoft anaitseka mu Meyi 2025. Amene amasunga manambala a makasitomala ake onse m'kati mwa pulogalamu imodzi ya pa foni, osalembako ena m'kabuku, aganizirepo.

Kwa ine, chomwe a ku Britain achita bwino si makinawo ayi, koma kukangana kwake. Nyuzipepala zinalemba, aphungu anafunsa m'nyumba ya malamulo, kampani inapepesa, ina inalipa chindapusa, tsiku linasunthidwa. Funso loti kodi foni ikhale yamoyo maola angati magetsi atathima linafunsidwa poyera, ndipo linayankhidwa ndi nambala, ngakhale nambalayo ndi yochepa. Kuno tinasamuka tonse mwakachetechete, aliyense payekha, ndipo funso limeneli ambirife sitinalifunsepo. Mavenda ndi amene amalipira mayunitsi ndi mabandulo tsiku ndi tsiku. Ali ndi ufulu wonse wofunsa makampani a mafoni ndi a MACRA kuti nsanja ya pafupi ndi msika wawo imapirira maola angati magetsi akapita. Makomiti a m'misika amadziwa kupita kukhonsolo pa nkhani ya zimbudzi ndi ziphaso. Nkhani iyinso ndi ya m'gulu lomwelo.

Ngati muli ndi mbale ku Britain

Mukamacheza naye sabata ino, mufunseni ngati kunyumba kwake anasamutsidwa kale. Nambala yake ya m'nyumba siisintha, ndipo kuimbira kuchokera kuno mudzayambabe ndi +44 monga kale, pa mtengo wa foni ya kunja. Kusintha kwawoko sikutsitsa mtengo wa kuno. Koma mukadzamva kuti kwawoko kwagwa chimphepo ndipo foni ya m'nyumba sikulira, musayambe kuyala mphasa za maliro. Mwina ndi router chabe yomwe yagona.

Ndipo ngati mbaleyo amasamalira okalamba m'makomo mwawo, mukumbutseni kuti aone kabokosi ka kabatani kaja. Auze a kampani ya foni kuti m'nyumbamo muli munthu wodalira kachipangizoko asanabwere kudzasintha chilichonse, afunse za batire, ndipo amisiri akamaliza ntchito, adine kabataniko iwo asanatuluke pakhomo, amve ngati mbali inayo ayankha.